M'mapazi a wodwala: kuchokera ku Ndirande mpaka ku Gulupu

Ku Ndirande kumacha msanga. Nthawi isanakwane 6 koloko oitanira minibasi amakhala atasasa kale mawu, amayi a mandasi atayala mabeseni m'mbali mwa msewu, utsi wa mbaula utaphimba m'munsi mwa phiri. Pakati pa chipiringu cha anthu othamangira kuntchito ku Makata ndi m'tauni pamakhala gulu lina loyenda pang'onopang'ono: amayi obereka ana ofunditsidwa mpaka kumutu, agogo a ndodo, bambo wokoka mwendo atatsamira paphewa la mnzake. Aliyense kabuku ka kuchipatala kali m'manja kapena m'jumbo. Lolemba lina m'mwezi wa June ndinalowa m'gulu limeneli, ngakhale kuti m'thupi mwanga munalibe popweteka.

Chinandidzutsa m'mawa umenewo ndi udindo umene banja landisenzetsa. Mwana wa achemwali anga, amene anakwatiwa ku Machinjiri, ndi woyembekezera koyamba, ndipo abale anagwirizana kuti tsiku lake likadzafika gadiyani ndidzakhale ine. Ndinavomera ndi pakamwa, mtima uli kwina. Zaka zitatu zapitazo ndinadikirirapo mayi anga pachipatala china chimene sindichitchula dzina. Usiku wina namwino anabwera ndi mankhwala n'kuitana dzina la mfunda lokha. M'wodimo munali amayi awiri a mfunda umodzi, ndipo mayi anga, amene makutu anali atayamba kuwavuta, anangoti "ee". Anamwa mapilitsi a matenda a shuga a mnzawoyo, iwo shuga alibe. Pakati pa usiku anayamba kutuluka thukuta lozizira ndi kuyankhula zosamveka. Anawapulumutsa ndi namwino wina amene anaganiza msanga zowayeza shuga m'magazi n'kuwaika dilipi. Kutacha anali bwino. Koma ine ndinali pomwepo, ndili maso, ndipo ndinaona ndithu kuti mapilitsiwo sakufanana ndi a masiku onse. Sindinafunse. Ndinkaopa kuoneka ngati ndikufuna kuwaphunzitsa ntchito anamwino.

Ndiye ulendo uno ndinati ndisadikire tsikulo. Ndiyende ndekha njira imene wodwala wa mu Blantyre amayenda, ndikaone kuti malamulo oteteza odwala, amene timangowamva pawailesi, amaoneka bwanji akafika pabenchi. Njirayo ili ndi chilema chimene alendo ambiri sachidziwa. Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi maboma ena ali ndi chipatala chachikulu cha paboma, koma Blantyre alibe. Mzinda umene kalembera wa 2018 anaupeza ndi anthu pafupifupi 800,000 umadalira zipatala zing'onozing'ono za m'malokeshoni, monga Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe, Limbe ndi South Lunzu. Zikakanika kumeneko, munthu wopanda ndalama ya chipatala cholipira amalunjika ku Queen Elizabeth Central Hospital, kumene tonse timangoti ku Gulupu. Chapakati palibe. N'chifukwa chake zochitika pabenchi la ku Ndirande n'zolemera kuposa maonekedwe a nyumba yakeyo.

Ndinakhala kumapeto kwa benchi, mbali ya ana. Mzere unali utapindika kale kawiri. Patapita kanthawi analowa mtsikana wamng'ono ndithu, chitenje chili chogwagwa, atanyamula mwana m'manja m'malo momubereka. Mwanayo ankagwedezeka thupi lonse, maso atatembenuzika. Wogwira ntchito wina amene ankayenda m'mizere akusuzumira ana kumaso anangomugwira padzanja mtsikanayo n'kudutsa naye anthu onse mpaka m'chipinda. Bambo wina kumbuyo kwanga anadandaula kuti iwo afika mbandakucha, awa angofika kumene. Gogo amene anali pambali pake sanatembenuke n'komwe. "Bambo, mwanayo simunamuone?" Nkhani inathera pomwepo.

Bambo ujayo ndimamumvetsa, chifukwa tonsefe tinakula tikudziwa kuti chilungamo cha pamzere n'chakuti wofika koyamba athandizidwe koyamba. Ku chigayo n'zoona, ku banki n'zoona. Kuchipatala chilungamo chimenecho chaphetsa ana ambiri, ndipo umboni wake unapezeka mumzinda uno. Isanafike 2001, ana ofika ku Gulupu ankaonedwa motsata mzere, moti wodwalitsitsa ankatha kutsirizikira kumsana kwa mayi ake akudikira kuseri kwa ana a chimfine. M'chaka chimenecho Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anasintha kalandiridwe ka ana. Anatsegula gawo la ana odwala mwakayakaya, anaphunzitsa ogwira ntchito kuzindikira zizindikiro zoopsa m'masekondi ochepa, ndipo mwana aliyense anayamba kuonedwa akangolowa pakhomo. Mankhwala achilendo sanabwere. Koma kale mwa ana 100 ogonekedwa ankamwalira 10 mpaka 18, ndipo zitasintha chiwerengerocho chinatsika kufika pa 6 mpaka 8. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2006 m'magazini ya WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ndipo njira imeneyi, yotchedwa ETAT, lero ikuphunzitsidwa m'mayiko ambiri.

Kuyambira mu 2012 nzeru yomweyi inatsikira m'malokeshoni pansi pa dzina losavuta kukumbukira, Chipatala Robot. Alangizi a zaumoyo a m'zipatala monga Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa anapatsidwa mafoni owatsogolera pofunsa ndi poyang'ana mwana, kenako n'kumuika pa mtundu umodzi mwa mitundu itatu ya loboti ya pamsewu. Wofiira alowe pompano, wachikasu apite kutsogolo kwa mzere, wobiriwira adikire. Zizindikiro za wofiira mayi aliyense angathe kuzisunga pamtima: mwana wobanika, wakomoka kapena wosadzuka ukamugwedeza, wogwidwa linjirinjiri, wozizira manja pamene thupi lafooka, wotsekula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati. Khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wopsa ndi moto, womwa poizoni kapena wotuwa m'zikhatho sayenera kukhala kumapeto kwa benchi. Vuto n'lakuti tsiku limene ogwira ntchito achepa, woyenda m'mizere uja amasowa, ndipo mayi waulemu amangokhala phee kudikira nthawi yake. Ulemu wotere ndi umene unanditseka pakamwa usiku uja. Ngati mwana ali ndi chimodzi mwa zizindikirozi, imirirani, pitani pakhomo, nenani mokweza.

Lachiwiri ndinalowera ku Zingwangwa. Minibasi ikangodutsa pa Kudya, phiri la Soche limakuimirira kutsogolo, ndipo ngakhale udzu wayesa kubisa, zipsera zake zikuonekabe. Ndi njira zimene matope ndi miyala zinadzera mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nako n'kupha anthu mazanamazana. Namondweyo anapeza dziko lili kale pa maliro a kolera, imene inayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Ambiri tikukumbukira kuti mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Anthu a kuno matenda a m'madzi amawadziwa bwino. Ndi kuno ndi ku Ndirande kumene ana oposa 28,000 analowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi mu 2018, katemera amene dziko lonse linayamba kulandira mu May 2023.

Pakhomo la chipatala panali ndowa ya mpopi, madzi alimo, sopo ali pambali. Ndinaima chapatali n'kumayang'ana. Anthu ambiri ankangoidutsa ngati chikwangwani cha malonda. Nthawi ya Covid-19 ndi ya kolera ndowa imeneyi inali ndi mlonda wake, ndipo sunkalowa usanasambe. Mantha atatha, chizolowezi chinatha nawo. Chonsecho lamulo loyamba la chitetezo cha wodwala lili pamenepa. A WHO amati m'mayiko osauka ndi apakati, mwa odwala 100 ogonekedwa 15 amatenga matenda ena ali m'chipatala momwemo, pamene m'mayiko olemera ndi 7. Njira yaikulu imene tizilombo timayendera kuchoka pabedi lina kupita pa lina ndi manja. Wachipatala amayenera kusamba asanakhudze wodwala, asanagwire ntchito yofuna ukhondo monga kubaya kapena kumanga bala, atakhudza magazi kapena zina zotuluka m'thupi, atamaliza ndi wodwalayo, ngakhalenso atangogwira bedi kapena katundu wake. Ndi sopo ndi madzi zimatenga masekondi 40 mpaka 60, ndi mankhwala opaka m'manja 20 mpaka 30. Magolovesi salowa m'malo mwa kusamba. Golovesi limene lagwira odwala atatu limateteza wolivala yekhayo.

Kunena n'kosavuta. Madzi ambiri a mumzinda uno amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakwera chitunda chokhachokha ndi mphamvu ya magetsi. Magetsi akavuta, mipopi ya kumtunda imayamba ndiyo kuuma. Namwino wina wa mumpingo mwathu anandiuza kuti chipatala chosamala umachidziwira pa tsiku limene mpopi wauma: kodi thanki ili ndi madzi, kodi ndowa za m'chipinda chochilira zadzazidwa dzulo, kodi alipo amene anapatsidwa ntchito yosungunula klorini m'mawa uliwonse? Palibe mwa zimenezi chofuna dokotala wa digiri. Zimafuna munthu mmodzi wodziwa kuti ntchitoyo ndi yake, ndi mkulu amene amafunsa ikalephereka.

Pano ndidzitsineko khutu ndekha pamodzi ndi abale anga. Sabata masana timapita kukaona odwala, ndipo ndi ntchito yabwino imene sindikufuna ithe. Koma taonani m'mene timachitira. Timalowa m'wodi anthu 12 nthawi imodzi, tapatsana kale moni wa padzanja ndi mpingo wonse, ndiyeno timayenda bedi ndi bedi kugwira chanza aliyense, wa bala la opaleshoni ndi wa chifuwa omwe. Ena timakhala pabedi la wodwala, ena timanyamula khanda la masiku awiri kuti tilione kumaso. Pemphero silichepa mphamvu chifukwa choti tasamba m'manja polowa ndi potuluka, talowa awiriawiri, ndipo wa chimfine watsala panja.

Ku Chilomoni sindinakhalitse. Ndinafika Lachitatu masana mzere utatha, mthunzi wa phiri la Michiru utayamba kutsikira m'nyumba, ndipo ndinapeza mpata wowerenga zomata pakhoma zimene m'mawa zimabisika ndi mitu ya anthu. Pamakoma a zipatala zathu pamalembedwa ufulu wa wodwala: kuuzidwa chimene akudwala ndi mankhwala amene akupatsidwa, kufunsidwa kaye asanachitidwe chilichonse pathupi pake, kusungiridwa chinsinsi, kudandaula ngati sanathandizidwe bwino. Ndinadzifunsa kuti ndi angati mwa ife amene tinawerengapo mpaka pansi. China chimene ndinaphunzira kuyang'ana ndi kabokosi ka katoni kotayamo majakisoni. Jakisoni amayenera kutsegulidwa m'pepala lake inu mukuona, kugwira ntchito kamodzi, n'kulowa m'kabokosiko nthawi yomweyo. Mukaona wotsegula kale ali pathebulo, muli ndi ufulu wopempha wina.

Bangwe ndi nkhani ina. Ukakwera minibasi mu Limbe n'kulowera kum'mawa, phiri la Mpingwe lili chakumbali, umafika m'dera limene nyumba zakwera mapiri mofulumira kuposa misewu ndi mipopi. Kuno, monganso ku Ndirande ndi ku Machinjiri, chipatala cha boma chili ndi anansi ambiri: timakiliniki tolipira ta zipinda ziwiri kapena zitatu, masitolo a mankhwala, ndi anyamata a pamsika oyala makapisozi padzuwa pambali pa machesi ndi sopo. Sindikunyoza onse. Munthu wa ganyu amene akataya tsiku pamzere ndiye kuti ana agona ndi njala ali ndi chifukwa chomveka cholipirira kuti aonedwe msanga, ndipo makiliniki ena amagwira ntchito yaukhondo ndi yachilungamo. Komanso si zachilendo kuuzidwa pawindo la famase ya boma kuti mankhwala awa atha, mukagule. Funso ndi lakuti wabwino umamusiyanitsa bwanji ndi wongovala gauni loyera.

Lamulo linaika alonda atatu. Bungwe la Medical Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, limalemba m'kaundula madokotala ndi makiliniko ofesala, limapereka chilolezo kwa zipatala zolipira, limaziyendera, ndipo lili ndi mphamvu yotseka zosakwaniritsa zofunika. Anamwino ndi azamba ali pansi pa Nurses and Midwives Council of Malawi. Mankhwala ndi masitolo ake amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, imene inalowa m'malo mwa bodi yakale kutsatira lamulo la 2019. Oyendera a mabungwewa ndi ochepa, makiliniki ndi ambiri, choncho woyendera amene amafika tsiku lililonse ndi inu ndi ine. Kiliniki yovomerezeka chiphaso chake chimakhala poonekera. Ndinalowa m'makiliniki awiri n'kupempha mwaulemu kuti ndichione. Pa ina mtsikana wa pakauntala anangoloza pakhoma, chili mu fulemu, chaka chake ndi chino. Pa inayo anandifunsa kuti ndachokera ku ofesi iti, kenako anati abwana atuluka nacho. Mwina n'zoona. Koma mwana wanga sindingapite naye kumeneko.

Makapisozi a padzuwa aja ali ndi mlandu waukulu kuposa m'mene timaganizira. Munthu amagula awiri a amoxicillin malinga ndi ndalama imene ali nayo, akamva bwino n'kusiya. Tizilombo totsala timaphunzira kupirira, ndipo tsiku lina mankhwalawo sagwiranso ntchito kwa iye ngakhale kwa mnansi wake amene sanamwepo. Zipatala nazo zimathandizira vutoli zikamapereka maantibayotiki pa chimfine wamba, kapena zikalekerera ukhondo m'mawodi. Mu 2017 ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust anasindikiza zimene anapeza m'magazi a odwala a ku Gulupu kuyambira 1998 mpaka 2016. Pa kachilombo kotchedwa Klebsiella, kamene kamavutitsa kwambiri makanda m'zipatala, mu 2003 tizilombo 12 pa 100 ndi timene sitinkamva mankhwala amphamvu a gulu la ceftriaxone. Pofika 2016 tinali 90 pa 100. Nditamva chiwerengero chimenechi ndinaganiza za khanda limene tikuliyembekezera, ndipo ndowa ya ku Zingwangwa ija inandibwereranso m'maso.

Lachinayi ndinakagona ku Machinjiri. Dera limeneli lili kuseri kwa phiri la Ndirande, lotambalala, maeriya ake otalikirana, moti munthu wa ku Area 10 ndi wa ku Luwanda onse amati kwathu ku Machinjiri koma sakumana pamsika umodzi. Masana minibasi ndi njinga zamoto za kabaza zili mbwee. Usiku wa 1 koloko ndi dziko lina, ndipo matenda a amayi sasankha ola. Mwana wa achemwali angayo sikelo amayendera ku South Lunzu. Tinakhala pakhonde n'kutsegula kabuku kake tsamba ndi tsamba. Ulendo uliwonse anamuyeza kuthamanga kwa magazi ndipo manambala analembedwa, mankhwala oteteza malungo ndi owonjezera magazi analandira, za HIV ndi chindoko anayezedwa. Ndinapuma. Kabuku kodzazidwa bwino ndi chizindikiro chakuti wina akutsata ndondomeko ngakhale mzere uli wautali, ndipo ndi kokhako kamene kadzamuyankhulire akadzafika pamaso pa dokotala wosamudziwa, iye ululu utamutseka pakamwa.

Zipatala zing'onozing'ono zambiri zimachiritsa amayi bwinobwino, koma opaleshoni ndi kuika magazi zimafuna chipatala chachikulu. Ndiye chitetezo cha mayi chimagona pa zinthu ziwiri: mzamba azindikire msanga kuti apa pafunika kutumiza, ndipo galimoto ipezeke. Pa nthawi ya kuchira azamba amakhala ndi pepala lolembapo m'mene njira ikutsegukira, kugunda kwa mtima wa mwana ndi kuthamanga kwa magazi a mayi, ola ndi ola. Likamalembedwa pa nthawi yake, pepalalo limaonetsa lokha kuti zinthu zaima. Kalata yotumizira nayo iyenera kunena chimene chapezeka, mankhwala amene aperekedwa ndi ola lake, kuti a ku Gulupu asayambirenso pachiyambi kapena kubwereza jakisoni woperekedwa kale. Gadiyani sangawerenge zonse za m'kalatamo, koma angathe kuonetsetsa kuti kalatayo ndi kabuku zakwera nawo ambulansi.

"Amayi aang'ono," anandifunsa mwanayo, "nanga zija timamva zoti ena amabwerako atachotsedwa chiberekero?" Sindinamubisire. Mu 2019 ofesi ya Ombudsman, nthawi imeneyo ikutsogozedwa ndi mayi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb itafufuza za amayi amene anachotsedwa ziberekero m'zipatala zikuluzikulu za boma, kuphatikizapo Gulupu. Ambiri mwa amayiwa mabala awo anagwidwa ndi tizilombo pambuyo pa opaleshoni yochilira. Lipotilo linaloza kuchepa kwa ogwira ntchito ndi zipangizo, komanso kulekerera kwa ena pantchito. Inali nkhani yowawa, koma ndimaiona ngati tsiku labwino m'mbiri ya zipatala zathu, chifukwa zimene amayi ankanong'onezana kuchitando zinalembedwa ndi ofesi ya boma n'kufunsidwa mayankho. Ndinamuuzanso kuti nthawi zina kuchotsa chiberekero ndi njira yokhayo yopulumutsira mayi amene magazi akukana kusiya, ndipo dokotala wochita zimenezo pa nthawi yake ndi woyenera kuthokozedwa. Choyenera kupewedwa ndi bala lonunkha limene palibe analitsegula kuliona kwa masiku atatu. Mayi wochira akayamba kutentha thupi, bala likatupa kapena kutuluka mafinya, kumaliseche kukamatuluka zonunkha, si za kudikira kuti kuche.

Kuyambira mu 2018 zipatala za boma zinayamba kukhala ndi munthu wolandira madandaulo, amene amatchedwa ombudsman wa pachipatala. Anthu ambiri amene ndinacheza nawo m'minibasi sankadziwa kuti aliko, ndipo odziwawo ankati ukadandaula amakuika chizindikiro, mawa ukadzabweranso sakuyang'ana. Mantha amenewa ndimawadziwa, poti nkhani ya mayi anga ija sindinakainene kulikonse. Lero ndimaona kuti ndinalakwira mayi wina amene anadzagona pabedi lomwelo pambuyo pathu. Sindinkafuna kuti namwino uja achotsedwe ntchito. Anali yekha usiku wonse ndi wodi yodzaza mpaka pansi, ndipo ndani wa ife sangaphonye atatopa chotero? Koma chipatala chikanamva, mwina chikanaika lamulo loti wodwala azitchula yekha maina ake onse asanalandire mankhwala, ndi kuti a maina ofanana asagonekedwe moyandikana. Wakutsina khutu ndi mnansi. A WHO amati wodwala mmodzi mwa 10 aliwonse amavulazidwa mwanjira ina pamene akulandira chithandizo, ndipo pafupifupi theka la zovulazazo n'zopeweka. Chipatala chimene m'buku lake la zolakwika mulibe kanthu si ndiye kuti sichilakwitsa.

Lachisanu m'mawa ndinatsikira pa Ginnery Corner. Gulupu inatsegulidwa mu 1958, ndipo makonde ake ataliatali olumikiza mawodi amasocheretsa aliyense wofika koyamba. Nthawi yoona odwala isanakwane, pageti pamakhala khamu la magadiyani ndi abale, makontena a phala ndi mafulasiki ali m'manja. Ndinafunsa njira ya ku Gogo Chatinkha, kumene amayi amachilira, kuti tsikulo ndisadzayambe kufunsa usiku. Cha kumeneko kuli chipinda cha makanda obadwa osakwana masiku, kumene anayesera kamakina kothandiza kupuma kotchedwa Pumani, kopangidwa mogwirizana ndi a Rice University ya ku America. M'kafukufuku amene Dokotala Kondwani Kawaza ndi anzake anasindikiza mu 2014, mwa makanda obanika 100 oikidwa pa kamakinako anapulumuka 71, pamene mwa olandira okosijeni wamba anapulumuka 44. Koma nako kamadalira namwino woyang'ana kuti madzi m'botolo akuwira thovu ndipo timachubu ta m'mphuno sitinasunthe.

Ku fiyeta gadiyani salowa, choncho ndinangofunsa namwino wa mumpingo uja zimene zimayenera kuchitika kuseri kwa chitseko. Anandifotokozera za pepala la mafunso 19 limene WHO inatulutsa mu 2008. Gulu lonse limaima katatu. Wodwala asanagonetsedwe amamufunsa dzina, malo ong'ambidwa, ngati wavomera, ndi ngati pali mankhwala amene amamuwenga. Mpeni usanakhudze khungu aliyense amatchula dzina ndi ntchito yake, ndipo amatsimikiza kuti antibayotiki waperekedwa m'mphindi 60 zapitazo. Wodwala asanatuluke amawerenga zipangizo, masingano ndi nsalu zopukutira magazi kuti pasatsale kanthu m'mimba. Atayesa pepalali m'zipatala zisanu ndi zitatu za m'mayiko osiyanasiyana, chimodzi mwa izo cha ku Ifakara ku Tanzania, imfa za pambuyo pa opaleshoni zinatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8 mwa odwala 1,000. Funso loyamba papepalapo ndi lomwe lija limene silinafunsidwe kwa mayi anga.

Pobwerera ndinadzera mu Limbe n'kugula kope laling'ono, cholembera, tochi ndi sopo wa mtanda. Patsamba loyamba ndalemba maina onse a mwanayo monga alili m'kabuku kake, tsiku lake lobadwa, ndi mankhwala amene anamutulutsapo ziwengo ali wamng'ono. Masamba otsatira ndawagawa mizere itatu: ola, dzina la mankhwala, ndi amene wapereka. Ndamuuza kuti aliyense wobwera ndi jakisoni kapena mapilitsi ndidzamufunsa kuti, "Pepani anesi, awa ndi a ndani, ndipo ndi a chiyani?" Anaseka n'kunena kuti adzandithamangitsa m'wodi. Mwamuna wake walankhula kale ndi mnansi amene ali ndi galimoto, ndalama ya mafuta ili mu envelopu pansi pa matilesi, ndipo nambala ya mnansiyo tailemba ndi choko kuseri kwa chitseko. Azamba a ku South Lunzu akuti tiyembekezere kumayambiriro a September.